Envelopu Yofiira ku Ntengo-Wambalame

Msewu wa M1 ukachoka pa boma la Ntcheu kulowera ku Dedza umayamba kukwera zitunda, ndipo mphepo yolowera pawindo la minibasi imasintha nthawi yomweyo. Kutentha kwa ku Balaka kumatsala kumunsi, anthu n'kuyamba kufunafuna majuzi m'zikwama. Kumtunda kuno msewu womwewo ndiwo malire a mayiko kwa mtunda wautali: kudzanja lamanja ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique. Pa Lizulu msika uli tsidya lino ndi tsidya linalo, ndipo mayi wogulitsa kabichi amalandira makwacha ndi mametikashi osanyinyirika. Anthu a kuno amakwatirana, amaikana maliro, amagayitsa chimanga pa chigayo chimodzi, chilankhulo chawonso n'chimodzi. Umangowasiyanitsa powerenga ndalama, poti wina amatchula manambala m'Chingerezi pamene mnzake amawatchula m'Chipwitikizi.

Ife tinatsikira pa Biriwiri, Khirisimasi itayandikira. Ndinali ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anakaphunzira zaulimi ku China n'kubwerako chaka chomwecho. Tinkapita ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano ku Mozambique, kukaona amayi anga aang'ono. Banja lathu linagawika nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pamene anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, amayi aang'ono anabwerera kukadzutsa mudzi, amayi anga n'kutsala ku Ntcheu. Chiyambire nthawi imeneyo, Disembala akakwana wina wa ife amayenera kuoloka, ndipo kwanu supita chimanjamanja.

Pa chipata anatipempha kuti timasule chikwama chathu chachikulu chija cha mizere yofiira ndi yabuluu. Munali nyali ya sola yokhala ndi potchajira foni, fulasiki ya tiyi, bulangete lofewa la maluwa akuluakulu, mabeseni awiri olowetsana, ambulera, nsapato za pulasitiki za ana ndi zitenje. Zonsezi tinagula ku Limbe, ndipo chilichonse ukachitembenuza kunsi unkapeza kuti chinapangidwa ku China, ngakhale chikwama chenichenicho. Za kwathu zinali shuga, mafuta ophikira ndi mpunga wa Kilombero basi. Aliyense amene anali pa mzere umenewo katundu wake anali wotero. Khirisimasi ya m'malire muno imavala zochokera ku China kuyambira ku mutu mpaka ku phazi. Timagetsi tothwanimathwanima timene amakoleka m'magolosale timachokera ku mizinda ngati Yiwu, m'chigawo cha Zhejiang, kumene kumapangidwa gawo lalikulu la zokongoletsera Khirisimasi za dziko lonse. Mafoni a Itel ndi Tecno amene anyamata amagulira amayi awo ndi a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen.

Zimenezi zangochitika m'maso mwathu momwemu. Malawi inagwirana chanza ndi boma la ku Beijing kumapeto kwa 2007, nthawi ya Bingu wa Mutharika, itasiya Taiwan imene inali bwenzi lake kwa zaka zoposa 40. Posakhalitsa kunabwera Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, ndiponso masitolo a Matchaina m'maboma ambiri, mpaka amalonda a ku Karonga anadandaula, boma n'kulamula mu 2012 kuti amalonda akunja azigulitsira m'mizinda ikuluikulu yokha. Mozambique ubale wake ndi China ndi wakale kuposa pamenepa. Asilikali a Frelimo ankaphunzitsidwa ndi alangizi a ku China ku Nachingwea, m'dziko la Tanzania, ndipo Mozambique ndi China anatsegulirana ukazembe tsiku lenileni la ufulu, pa 25 Juni 1975. Komabe pa misika ya m'malire muno katundu wa ku China ali mbwee, mwini wake osaoneka. Amabwera naye ndi ana a konkuno, m'mabelo ndi m'makatoni, kuchokera ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Tete. Ndiye anthu amadziwa beseni la Mtchaina, koma sadziwa kuti Mtchainayo akafuna kupatsa amayi ake mphatso amachita bwanji.

Tsidya linalo tinakwera kabaza wa njinga zamoto, nazonso za ku China, chikwama chitamangidwa ndi malamba a chubu. Dziko la Tsangano m'dzinja ndi lokongola moti munthu umaiwala kugwedezeka kwa msewu. Zitunda zonse zinali zobiriwira, chimanga chitafika m'mawondo, mizere ya mbatatesi itatambalala mpaka kumene nkhungu inayambira. M'minda munali anthu ali weramu, akupalira. Pa mphambano ina ana anatithamangira ndi mbale za mapichesi, ang'onoang'ono, olimba, ofiirira mbali imene imaona dzuwa. Mtsikana uja anaimitsa wa kabaza. "Amalume, tigule awa tikapatse agogo," anatero. Anandiuza kuti ku China pichesi ndi chipatso cha moyo wautali, moti okalamba akamakumbukira tsiku lawo lobadwa amawaphikira mabanzi oumbidwa ngati pichesi. Mtengo wakewo kwawo kwenikweni ndi ku China komweko. Unayenda zaka zambirimbiri kudutsa Persia ndi Ulaya usanadzafike m'mapiri ozizira a kuno, kumene lero ana amangothyola kuseri kwa nyumba.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amayi aang'ono anatuluka m'khitchini maso ali ofiira ndi utsi, n'kuyala mphasa pakhonde. Za chikwama palibe anazitchula. Poyamba panali malonje: bondo la mlongo wanga lili bwanji, mvula ku Ntcheu inayamba liti, maliro a uje tinawamva kodi. Zonse zitatha m'pamene ndinakankhira chikwama kutsogolo, mwana wawo wamkazi n'kuchilandira atagwada, kulowa nacho m'nyumba osachitsegula. Mtsikana uja anandinong'oneza kuti ku China n'chimodzimodzi. Mphatso amapereka ndi manja awiri, amalandiranso ndi manja awiri, ndipo kuimasula pamaso pa woperekayo kumaoneka ngati dyera. Posiyana m'pakuti kumeneko wolandira amayamba wakana kawiri kapena katatu, woperekayo n'kumaumirira. Kwathu kuno mphatso sakana. Ukakana nkhuku imene apongozi akugwirira, nkhani yake imakafika kwa ankhoswe.

Pa kalendala ya boma la Mozambique, 25 Disembala ndi Dia da Família, tsiku la banja. Boma la Frelimo linasankha dzina limeneli dziko litangolandira ufulu, pofuna kuti tchuthicho chisakhale cha mpingo umodzi. Anthu sanasiye kupita ku tchalitchi, komanso dzinalo likunena zoona, chifukwa madzulo amenewo mudzi unkadzaza. Ena anachokera ku Ulónguè, ena ku migodi ya malasha ya ku Moatize, ndipo mwana wamwamuna wa amayi aang'ono, amene ali pa chikamwini ku Furancungo m'boma la Macanga, anafika usiku pa njinga yake atanyowa thupi lonse. Amayi anali atazira nyumba ndi dothi lakuda, makoma atawapaka loyera. Tinayatsa nyali ya sola ija, tonse n'kuunjikana m'nyumba mvula ikugunda malata, ndipo amayi aang'ono anati, "Iwe wa ku China, tatiuza. Kumeneko Khirisimasi amadya chiyani?"

Mtsikanayo anayankha kuti chikondwerero chawo chachikulu si Khirisimasi koma chaka chatsopano, chimene amawerengera potsata mwezi wa kumwamba. N'chifukwa chake tsiku lake limasuntha, koma silituluka pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Mu 2025 linali pa 29 Januwale, kuyamba kwa chaka cha njoka, ndipo mu 2026 ndi pa 17 Febuluwale, chaka cha hatchi, pakuti chaka chilichonse chili ndi nyama yake mwa nyama 12. Iye anakadyera chikondwererochi kumudzi kwa mnzake wa m'kalasi, m'chigawo cha Henan kumene amalima tirigu wambiri. Anati kwa masiku 40 dziko lonse limakhala pa ulendo, masitima ali thothotho, mafakitale atatsekedwa, aliyense akubwerera kumene unakwiriridwa mchombo wake. Kusanafike tsikulo amasesa nyumba yonse mpaka kudenga, amabweza ngongole, amamata mapepala ofiira olembedwa mafuno abwino m'mbali mwa chitseko. Usiku wotsiriza wa chaka banja lonse limadyera pamodzi. Kwa mnzakeyo anachezera kukulunga nyama ndi kabichi m'timapepala ta ufa wa tirigu, chakudya chimene amati jiaozi, agogo, amayi ndi ana onse manja ali mu ufa. Nsomba imakhalapo, koma saimaliza, kuti chaka chikubweracho zinthu zizitsalako. Pakati pa usiku makombola amalira mudzi wonse, poti nthano yawo imati kale kunali chilombo chotchedwa Nian chimene chinkaopa phokoso, moto ndi zinthu zofiira. Kukacha sasesa, kuopa kutaya mwayi pamodzi ndi zinyalala. Ana amagwadira akuluakulu, akuluakuluwo n'kuwapatsa ndalama za mapepala atsopano m'maenvelopu ofiira. Zonse zimatha tsiku la 15, mwezi uli wathunthu, ndi nyali zoyatsa m'misewu.

Amayi aang'ono anamvetsera osadula mawu, kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Nanga akufa awo amawakumbukira?" Mtsikanayo anati inde, chakudya choyamba amaikira makolo amene anatsogola, ndiponso kumayambiriro kwa Epulo ali ndi tsiku lotchedwa Qingming limene mabanja amapita kukalambula manda. Amayi anagwedeza mutu. "Ndiye kuti ndi anthu olongosoka," anatero. Kwa iwo mlandu unathera pamenepo. Bungwe la UNESCO linalemba chikondwerero chimenechi m'kaundula wa miyambo ya mtengo wapatali ya anthu a pa dziko lapansi mu Disembala 2024, kaundula yemweyo amene muli Gule Wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma amayi aang'ono sanafunikire kumva zimenezo kuti aweruze.

Tsiku la Khirisimasi, titaweruka ku tchalitchi, mpunga ndi nkhuku zili pamoto, ana a m'mudzi anayamba kuzungulira makomo atavala zatsopano, akufuula kuti "Boas festas!" monga anzawo a ku Ntcheu amanenera kuti "Khirisimasi bokosi!" Apa m'pamene mtsikana uja anatulutsa chimene anasunga m'chikwama chake cha m'manja ulendo wonse: mpukutu wa maenvelopu ofiira, aang'ono ngati chikhatho, okhala ndi zilembo zagolide. Ku China amawatcha hongbao. Pa malire paja anali atasintha ndalama, akuchita kusankha mapepala osakwinyika a 20 ndi 50 metikashi. Ku China, mwana akayamba kulandira malipiro amapatsanso makolo ndi agogo ake envelopu, choncho yoyamba inali ya amayi aang'ono. Anayenda chogwada kuchokera pakhomo mpaka pamphasa, envelopu ili m'manja onse awiri. "Agogo, kangachepe."

Amayi anaomba m'manja mwa ulemu n'kulandira, koma asanathokoze anasuzumira kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kale kuda. "Zofiira m'dzinja, mwanawe?" Anailowetsa msanga m'kati mwa chitenje, pansi pa juzi. Kuno anthu ambiri amakhulupirira kuti chofiira chimaitana mphenzi, ndipo mwana wovala malaya ofiira mvula ikamabwera amamuthamangitsira m'nyumba. Mtundu umene kwa Matchaina ndi wa mwayi ndi ukwati, kwa ife uli ndi nkhani zina, monga mikanda yofiira imene anamkungwi amalangiza nayo akwati. Zoyera nazo n'zotembenuka. Kumeneko ndi zovala za maliro, pamene ife munthu akapambana mlandu kapena akalongedwa ufumu timamuthira ufa woyera pamutu. Envelopu itabisika bwinobwino, amayi analuluta, n'kuthokoza mdzukulu wawo ndi chiwongo cha bambo ake: "Zikomo Nambewe, ukule."

Zoletsa za mphatso za ku China zilipo zambiri, ndipo mtsikanayo anazitchula anthu akuseka. Wotchi ya pakhoma sapatsana, chifukwa mawu oti kupereka wotchi amamveka ngati kuperekeza maliro. Ambulera ndi chipatso cha peyala wa chizungu zimamveka ngati kulekana. Nambala 4 imamveka ngati imfa, ndiye ndalama za mu envelopu zisakhale 40 kapena 400, pamene 8 amaikonda poti imamveka ngati kulemera. Zimenezi zimakhala m'kamvekedwe ka chilankhulo chawo, ndipo sizingaoloke nyanja. Pa mphatso zonse za m'chikwama chija, imene amayi aang'ono anaikonda koposa inali ambulera, ndipo anapita nayo ku tchalitchi tsiku lomwelo. Munthu amene angabwere ku Tsangano mu Disembala n'kusiya ambulera ku sitolo poopa malodza a ku Beijing ndiye kuti sanamvetse kuti mphatso n'chiyani.

Koma envelopuyo ine ndinaiona kuti ili ndi nzeru imene tikuisowa. Ife kupereka kwathu n'kwa poyera. Pa ukwati pali perekaniperekani, woyendetsa mwambo ali ndi chimkuzamawu, akuitana a kuchimuna, a kuchikazi, anzake a kuntchito, ndalama zikuponyedwa m'beseni anthu onse akuona kuti uyu waponya pepala lanji. Pa maliro chipepeso amachilengeza dzina ndi dzina, kwacha ndi kwacha. Sindikunyoza zimenezi. Kulengeza kumateteza ndalama kuti zisalowe m'thumba la munthu mmodzi, ndiponso kumakumbutsa mudzi kuti kupatsa n'kuika, mawa adzakubwezera. Matchaina nawonso pa ukwati amakhala ndi buku lolembamo amene wapereka ndi kuchuluka kwake. Koma pali kupereka kwina kumene sikufuna mboni, kwa mwana kupatsa kholo lake, ndipo pamenepa poyera pamapweteka. Ndaonapo ana a mimba imodzi atakhala pamphasa imodzi, wa ku Joni akutulutsa mpukutu, wotsala pamudzi akuyang'ana pansi, chikhalirecho ndi iyeyo amene amatungira mayiyo madzi chaka chonse.

Tsiku limenelo zinayenda mwina. Maenvelopu anali ambiri, ndiye mtsikanayo anagawira aliyense wamkulu amene anafuna. Anthu ankalowa m'nyumba mmodzimmodzi, n'kutuluka envelopu itamatidwa. M'bale wina wa ku Moatize anagwada n'kupereka yake. Mlamu wathu wina, amene chaka chimenecho mbatatesi zake zinapsa ndi chiwawu, anagwadanso n'kupereka yake, yofanana ndendende ndi ya mnzakeyo. Amayi anawathokoza mofanana, aliyense ndi chiwongo chake, ndipo mlamuyo anabwerera pa mpando wake mutu uli m'mwamba. Zimene zinali m'katimo anakaziona okha usiku. Ana nawonso aliyense analandira yake, m'manja mwake, yolembedwa dzina lake. Kamnyamata kena ka zaka ngati zisanu kanakana kuitsegula mpaka madzulo, kakungoyenda nayo m'thumba la kabudula dzanja lili pomwepo.

Masiku ano ndalama zambiri za Khirisimasi zimafika pa foni. Tsidya la Mozambique ndi M-Pesa ndi e-Mola ya Movitel, kampani imene anthu ena amaiyesa ya Matchaina chikhalirecho inachokera ku Vietnam, ndipo tsidya la Malawi ndi Airtel Money ndi Mpamba. Ku China nakonso kuyambira 2014 anthu amatumizirana maenvelopu ofiira a pa foni kudzera pa WeChat. N'zothandiza, makamaka kwa amene ali ku Johannesburg opanda mapepala oti n'kubwerera nawo. Koma uthenga wa pa foni sugwada, ndipo gogo amene sadziwa kuwerenga amangomva kwa mdzukulu kuti ndalama zalowa, mwinanso osamva zonse.

Sindingalembe za mphatso ndi Matchaina n'kudumpha za ku Njewa. Mu Juni 2022 atolankhani a BBC Africa Eye anaulula kuti munthu wina wa ku China, Lu Ke, ankajambula ana a m'mudzi wa Njewa ku Lilongwe akuvina ndi kunena mawu a Chitchaina amene sankawamva, ena mwa mawuwo odzinyoza okha. Makanema otere ankagulitsidwa pa intaneti ku China ngati mphatso zofunira anthu mafuno abwino pa tsiku lobadwa kapena pa ukwati. Anamugwira ku Chipata, n'kumubweza ku Malawi, ndipo mu Julayi 2023 khoti linamupeza wolakwa n'kumulamula kuti achoke m'dziko. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero, chifukwa ana athu anasandutsidwa chokongoletsera chisangalalo cha anthu ena. M'bale wathu wa ku Furancungo naye anati kwawoko Mtchaina amamudziwira pa malole a zipika, pakuti mitengo yambiri imene Mozambique imagulitsa kunja imathera ku China. Mwambo wa anthu ukhoza kukhala wokoma pamene ena mwa eni ake akuchita zoipa, ndipo ife tili ndi ufulu wotola chokomacho maso ali tcheru.

Anali m'bale wa ku Furancungo yemweyo amene ananena mawu amene ndakhala ndikuwaganizira chibwerere. Tinali titakhala pansi pa mtengo wa pichesi, mvula itakata, iye akufunsa mtsikana uja kuti anthu a ku Henan nthawi ya chikondwerero chawo kumunda amasiyira yani. Mtsikanayo anati kumunda kumakhala kulibe ntchito. Ndi pakati pa chisanu, zokolola zili m'nkhokwe, tirigu wobzala ali gone kudikira kuti kufunde. Mlimi amakhala ndi nthawi, ali ndi chakudya, ali ndi kandalama. M'baleyo anaseka mopanda chimwemwe. "Achimwene, mwamva? Anzathu chisangalalo anachiika pamene pali zinthu. Ife Khirisimasi imatipeza khasu lili m'manja, m'thumba muli mbee."

Ananena zoona. Iye amalima fodya pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene fakitale yake ili mumzinda wa Tete. Mbewu ndi feteleza amatenga pa ngongole, ndipo ndalama amaziona akagulitsa, nyengo yozizira. Wa chimanga ndi nyemba n'chimodzimodzi. Disembala ndi mwezi wopalira ndi wothira feteleza wachiwiri, Januwale ndi wa fizi ndi mayunifolomu, Febuluwale ndi wa njala, pamene anthu amasiya minda yawo kukagwira ganyu kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Khirisimasi inabwera ndi amishoni kuchokera ku mayiko kumene Disembala ndi nyengo yopuma, n'kudzagwera pakati pa ntchito yathu. Munthu amagulitsa thumba la chimanga limene likanamuolotsa Febuluwale kuti ana adye mpunga ndi kumwa Fanta tsiku limodzi, kapena amakatenga katapira. Mwambo wa Matchaina wobweza ngongole chaka chisanathe ndi wabwino kwambiri, koma kuuika pa 31 Disembala kuno kungakhale kulamula munthu kuti akolole chimanga chisanamasule.

Nyengo yathu yofanana ndi yawoyo ilipo kale, ndipo makolo anaidziwa. Ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala, nkhokwe zitadzaza, fodya atagulitsidwa, misewu itauma. M'pamene timamanga ziliza, kuchita maukwati ndi zinamwali, gule n'kutuluka. Kulamba kumachitika kumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a Achewa a mayiko atatu amapita ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni a Maseko, amene makolo awo anakhalapo pa phiri la Domwe ku Angónia konkuno, amasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo, m'boma la Ntcheu, nyengo yomweyo. Ngakhale manachesi, amene Matchaina ena amanyamula awiriawiri pokachezera abale pa chaka chatsopano chifukwa cha mtundu wake wonga golide, ku Mwanza ndi ku Neno amapsa m'miyezi yozizira imeneyi. Amene akufuna kutengera chikondwerero cha ku China asayang'ane tsiku lake pa kalendala. Ayang'ane pamene chinakhazikidwa m'chaka cha mlimi.

Pa chifukwa chimenechi, mphatso ya Disembala kuno iyenera kukhala yothandiza munthu kuoloka dzinja. Nyali ya sola ija imapulumutsa ndalama za mabatire ndi makandulo usiku uliwonse, bola ugule yolimba, chifukwa katundu wa ku China ali m'magulumagulu ndipo wotchipitsitsa safika Pasaka. Ambulera, majombo, pepala la pulasitiki lofolerera denga, ndowa ya feteleza, zimenezi n'zimene mayi wa ku Tsangano angakuthokozere mpaka chaka chamawa. Bulangete la maluwa, zitenje ndi mafulasiki zikhoza kudikira Julayi, pamene chisanu cha kuno chimalowa m'mafupa ndipo wogulayo sachita kukongola ndalama.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, amayi aang'ono anatiitana tonse akuluakulu. Anati chiliza cha amayi awo, agogo athu, chakhala chikuzengerezeka kuyambira kale, ndipo chaka chikubwerachi chimangidwe mu Julayi, fodya akagulitsidwa. Anagawa ntchito pomwepo. Ine simenti, wa ku Furancungo mbuzi, wa ku Moatize malata a chisakasa, amayi a pamudzi chimera cha thobwa. Anawonjeza kuti aliyense amene ali ndi ngongole ya m'bale wake adzabwere atabweza, asadzaime pa manda a agogo anthu akuyang'anizana ndi diso lofiira. Mfundo imeneyi anaitola m'nkhani ya usiku uja, ndipo palibe anatsutsa. Panja anali atatikonzera kale thumba la mbatatesi, nyemba za m'chitini, mapichesi ndi tambala womangidwa miyendo, katundu wolemera kuposa amene tinabwera naye, moti wa kabaza anakweza mtengo. Mtsikana uja atagwada kutsanzika anafunsa kuti iye ntchito yake pa chilizapo ndi yotani.

"Iwe udzabwere ndi timaenvelopu tako tija, tokwanira adzukulu okonza manda ndi amayi ophika," anatero amayi aang'ono. "Tofiira tomweto. Julayi kulibe mphenzi."